Rachel Carson: mayi amene anafunsa kumene mankhwala opopera amathera

Lero tiwerenga mbiri ya mayi wina wa ku America amene anamwalira mu 1964. Dzina lawo ndi Rachel Carson. Ankakhala kutali kwambiri ndi Niassa, koma ntchito yawo ikukukhudzani inu amene mumalima thonje ku Cuamba, inu olima fodya ku Mandimba ndi ku Ngauma, ndi inu nonse amene mumathira mankhwala m'chimanga kuopa anankafumbwe. Mayiwa anafunsa funso limodzi. Tikapopera mankhwala, tizilombo n'kufa, mankhwalawo amapita kuti? Yankho limene anapeza linasintha malamulo a mayiko ambiri, ndi dziko lathu lomwe. Werengani pang'onopang'ono. Mukatopa, pumirani pamutu waung'ono, mupitirize mawa.

Mwana wa m'mbali mwa mtsinje

Rachel anabadwa pa 27 Meyi 1907 m'tauni yaing'ono ya Springdale, m'chigawo cha Pennsylvania. Anali chitsirizira m'banja la ana atatu. Banjali linali ndi malo a mahekitala pafupifupi 26 pafupi ndi mtsinje wa Allegheny, koma ndalama zinali zosowa. Bambo ake, a Robert Carson, ankagulitsa inshuwalansi ndipo sankapeza zokwanira. M'nyumba mwawo munalibe madzi a m'mipope.

Mayi ake, a Maria, anali mphunzitsi asanakwatiwe. Ndiwo ankapita naye kuthengo n'kumamuuza maina a mbalame, mitengo ndi tizilombo. Ndiwonso anamuzoloweza mabuku. Rachel anayamba kulemba tinkhani ali wamng'ono, ndipo mu 1918 nkhani yake yoyamba inatuluka m'magazini ya ana yotchedwa St. Nicholas.

Kwawoko kunali pafupi ndi Pittsburgh, mzinda wa mafakitale a zitsulo. Mtsikanayu anakula akuona utsi wa malasha, akumva fungo la fakitale ya guluu, akuona mtsinje ukuda chaka ndi chaka.

Sukulu ndi mtolo wa banja

Mu 1925 Rachel analowa koleji ya atsikana yotchedwa Pennsylvania College for Women. Kuti fizi ipezeke, makolo ake anagulitsako malo ndi katundu wa m'nyumba. Poyamba ankaphunzira zolembalemba. Kenako anakumana ndi mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo, Mayi Mary Scott Skinker, ndipo mu 1928 anasintha n'kuyamba sayansiyo. Masiku amenewo anthu ambiri ankati sayansi ndi ya amuna. Iye anakhoza bwino kwambiri mu 1929. Chaka chomwecho anapita ku Woods Hole, kumalo ofufuzira zamoyo za m'nyanja yamchere, ndipo kumeneko ndi kumene anayamba kuidziwa nyanjayo ndi maso. Mu 1932 analandira digiri yachiwiri ku yunivesite ya Johns Hopkins.

Ankafuna kupitiriza, koma zaka zimenezo chuma cha America chinali chitagwa ndipo ntchito zinali zosowa. Anasiya sukulu kuti adyetse banja. Bambo ake anamwalira mu 1935. Mu 1937 mkulu wake Marian anamwaliranso, n'kusiya ana aakazi awiri. Rachel ndi mayi ake anawatenga anawo n'kuwalera. Ambiri a inu mukuudziwa mtolo umenewu, chifukwa ndi womwewo umene unakuchotsani pasukulu muli ana.

Ntchito ya boma ndi mabuku a za nyanja

Mu 1935 Mayi Carson anapeza ganyu ku nthambi ya boma yoona za nsomba. Ankalemba nkhani zazifupi za pa wailesi, zofotokozera anthu wamba za moyo wa m'madzi. Mu 1936 analemba mayeso olowera ntchito ya boma n'kuposa onse. Anakhala mayi wachiwiri kulembedwa ntchito ya ukatswiri m'nthambiyo. Pofika 1949 anali mkonzi wamkulu wa zofalitsa zonse za nthambi yoona za nsomba ndi nyama zakuthengo.

Masana ankagwira ntchito ya boma, usiku ankalemba mabuku awo. Loyamba linatuluka mu 1941, patangotsala milungu yochepa kuti America ilowe m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo silinayende malonda. Lachiwiri, lotchedwa The Sea Around Us, linatuluka mu 1951. Linafotokoza za nyanja yamchere m'mawu amene munthu wamba angamve. Linagulidwa kwambiri, linalandira mphoto, ndipo linamasuliridwa m'zilankhulo zambiri. Mu 1952 anasiya ntchito ya boma kuti azingolemba. Buku lachitatu linatuluka mu 1955.

Apa akanatha kupuma. Dzina anali nalo, ndalama zinali zitayamba kupezeka. Koma pamene ankagwira ntchito ya boma ankawerenga malipoti a akatswiri anzawo onena za mankhwala atsopano otchedwa DDT, ndipo malipotiwo ankawasowetsa mtendere. Mu 1945 anapempha magazini ya Reader's Digest kuti ailembere nkhani ya mankhwalawa. Magaziniyo sinaifune.

Mankhwala amene dziko linawakonda

Tiyeni tiwadziwe mankhwalawa. DDT samera pamtengo ndipo sakumbidwa pansi. Amapangidwa m'fakitale. Mu 1939 katswiri wina wa ku Switzerland, Paul Müller, anapeza kuti amapha tizilombo mwamphamvu. Pa nthawi ya nkhondo asilikali ankawagwiritsa ntchito popha udzudzu ndi nsabwe. Mumzinda wa Naples ku Italy, mu 1943 ndi 1944, anthu ambirimbiri anathiridwa ufa wa DDT m'zovala, ndipo mliri wofalitsidwa ndi nsabwe unatha. Mu 1948 Müller analandira mphoto ya Nobel. Mu 1955 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse linayamba ntchito yaikulu yofuna kuthetsa malungo, likudalira DDT. Miyoyo yambiri inapulumuka. Zimenezi n'zoona ndipo tisaziiwale.

Anthu ankawakonda chifukwa anali otchipa ndiponso sankatha mphamvu msanga. Ukapopera kamodzi, amagwira ntchito miyezi. Nkhondo itatha, ku America anayamba kuwawaza ndi ndege pamwamba pa minda, nkhalango, madambo ndi midzi. Magalimoto ankadutsa m'misewu akutulutsa utsi wake, ana akuthamangira pambuyo. Panabweranso mankhwala ena a mtundu womwewo, monga dieldrin, aldrin, chlordane ndi heptachlor. Anthu ochepa okha ndi amene ankafunsa kuti mankhwala osatha mphamvuwo amathera kuti.

Kalata yochokera kwa mnzawo

Mu 1957 Marjorie, mmodzi mwa ana a mkulu wawo aja, anamwalira n'kusiya mwana wamwamuna wa zaka zisanu, dzina lake Roger. Mayi Carson sanakwatiwepo, ndipo anamutenga mwanayo kukhala wawo. Ankasamaliranso mayi awo okalamba, amene anamwalira mu Disembala 1958.

Ali m'kati mwa zimenezi, mu Januwale 1958, analandira kalata kuchokera kwa mnzawo, Mayi Olga Owens Huckins a ku Duxbury. Ndege inali itawaza DDT m'dera lawo pofuna kupha udzudzu. Pambuyo pake mbalame zinapezeka zitafa pakhomo pawo. Palibe amene anawapempha chilolezo. Mayi Huckins ankafuna munthu amene angalankhule ndi akuluakulu a boma.

Mayi Carson anayamba kufufuza. Analembera makalata madokotala, akatswiri a mbalame, a nsomba ndi a nthaka, ku America ndi ku Ulaya. Anawerenga malipoti mazanamazana. Ntchitoyi inawatengera zaka zinayi. Zimene anasonkhanitsa tingaziike m'mfundo zitatu.

Yoyamba: mankhwalawa saola. Tsamba likagwa limaola n'kusanduka manyowa. DDT amakhala m'nthaka zaka zambiri. Mvula imawakokolola kupita nawo kumtsinje, mphepo imawauluza kupita nawo kutali.

Yachiwiri: akalowa m'thupi satuluka msanga. Sasungunuka bwino m'madzi, koma amasungunuka m'mafuta. Choncho amakhazikika m'mafuta a m'thupi la nsomba, la mbalame, la ng'ombe ndi la munthu. Amapezekanso mumkaka, ngakhale mkaka wa m'mawere.

Yachitatu: amachuluka akamakwera kuchoka pa chodyedwa kupita pa chodya. Kansomba kakang'ono kamadya tizilombo tambiri, nsomba yaikulu imadya tinsomba tambiri, mbalame imadya nsomba zambiri. Aliyense amasunga poizoni yense wa zimene wadya. Womaliza kudya ndiye amasenza wochuluka.

Zimene zinachitika pa nyanja ya Clear Lake

Chitsanzo chimodzi chikuthandizani kumvetsa mfundo yachitatuyi. Ku California kuli nyanja yotchedwa Clear Lake. Kumeneko kunali tizilombo touluka, tachibale ndi nkhungu zimene zimatuluka pa nyanja yathu ya Niassa. Sitinkaluma, koma tinkasowetsa anthu mtendere. Mu 1949, 1954 ndi 1957 akuluakulu anathira m'nyanjamo mankhwala otchedwa DDD, achibale a DDT. Anathira pang'ono zedi: gawo limodzi la mankhwala pa magawo 50 miliyoni a madzi, ndipo ulendo woyamba anathira ochepera pamenepa. Zili ngati supuni imodzi yaing'ono m'madiramu 1,250 a madzi.

Pasanapite nthawi, mbalame za m'madzi zodya nsomba zinayamba kufa. Akatswiri atayeza mafuta a m'thupi mwa mbalamezo anapeza kuti mwa zina mankhwalawo anali ochuluka kuwirikiza ka 80,000 kuposa mmene anathiridwira m'madzi. Poyamba panyanjapo pankaswana mabanja a mbalamezi oposa 1,000. Pofika 1960 anatsala pafupifupi 30.

Zofanana ndi zimenezi zinachitika m'malo ena. Pa yunivesite ya Michigan State anapopera mitengo. Masamba anagwa, nyongolotsi za m'nthaka zinadya masambawo, mbalame zinadya nyongolotsizo n'kufa. Ku Canada, mu 1954, ndege zinawaza nkhalango za m'mbali mwa mtsinje wa Miramichi. Mumtsinjewo mumaswana nsomba za salmon, zimene zimakwera mitsinje kukaikira mazira monga zimachitira mpasa. Ana a nsombazo anafa ochuluka.

Mayi Carson anaonanso chinthu china. Mukapopera kawirikawiri, tizilombo tofooka timafa, koma tolimba timatsala n'kuswana. Pakapita zaka, mankhwala aja sagwiranso ntchito. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 udzudzu wa m'mayiko ena unali utayamba kale kupirira DDT. Ndiponso mankhwala sasankha. Amapha njuchi ndi tizilombo tina timene timathandiza mlimi podya mbozi.

Kulemba ali pa mphasa ya matenda

Mu 1960 Mayi Carson anachitidwa opaleshoni ya bere. Dokotala sanawauze zoona zonse za matenda awo. Patapita miyezi, dokotala wina ndiye anawauza kuti inali khansa ndipo inali itayamba kufalikira. Anataya nthawi imene akanayamba kulandira thandizo. Anapitiriza kulemba akudwala, masiku ena osatha kuyenda, masiku ena maso akupweteka. Matendawo anawabisa, podziwa kuti adani awo adzati akulemba chifukwa cha mkwiyo wa munthu wodwala.

Bukulo analitcha Silent Spring. Ku America, nyengo yozizira ikatha mitengo imaphuka ndipo mbalame zimabwerera n'kumaimba, monga zimachitira kuno mvula yoyamba ikagwa. Dzina la bukuli likunena za nyengo ya mphukira yopanda kulira kwa mbalame. Mbali zina zinayamba kutuluka m'magazini ya The New Yorker mu Juni 1962, ndipo buku lonse linatuluka pa 27 Sepitembala 1962. Kumapeto kwake kuli masamba oposa 50 ongotchula kumene mfundo iliyonse inachokera, kuti wokayika akaone yekha.

Bukuli silinanene kuti mankhwala onse ophera tizilombo atayidwe. Linanena kuti agwiritsidwe ntchito pang'ono, pamene afunikiradi, ndi anthu odziwa kuopsa kwake. Linanenanso kuti anthu amene adzamwe madziwo ndi kudya chakudyacho ayenera kuuzidwa zoona, chifukwa ndiwo amasenza ngoziyo.

Mkuntho wa otsutsa

Makampani opanga mankhwala anakwiya. Kampani ya Velsicol, imene inkapanga chlordane ndi heptachlor, inaopseza osindikiza bukulo kuti iwatengera kukhoti. Kampani ya Monsanto inafalitsa nkhani yosonyeza dziko litadzaza tizilombo ndi njala chifukwa chosowa mankhwala. Ena anasiya mfundo n'kuyamba kunyoza munthu. Ankati ndi mkazi wongotengeka maganizo, wosakwatiwa, wopanda digiri yapamwamba. Enanso ankawaganizira kuti akugwirizana ndi achikomyunizimu.

Mayi Carson sanabweze chipongwe. Pa 3 Epulo 1963 anaoneka pa wailesi yakanema ya CBS, anthu mamiliyoni ambiri akuonera. Anali atavala tsitsi loikirira, ndipo thupi linali lofooka. Analankhula modekha, mfundo ndi mfundo. Pulezidenti John F. Kennedy anali atauza kale gulu la alangizi ake a sayansi kuti liunike nkhaniyi. Pa 15 Meyi 1963 gululo linatulutsa lipoti logwirizana ndi mfundo zazikulu za bukulo, ndipo linalangiza kuti mankhwala osatha mphamvu achepetsedwe mpaka adzasiyidwe. Pa 4 Juni 1963 mayiwa anakaonekera pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo. Kumeneko anapempha kuti lamulo liteteze munthu aliyense pakhomo pake ku poizoni wothiridwa ndi anthu ena.

Anamwalira pa 14 Epulo 1964 kunyumba kwawo ku Silver Spring, m'chigawo cha Maryland, ali ndi zaka 56.

Zimene zinatsatira

Zipatso za ntchito yawo sanazione. Mu 1970 boma la America linakhazikitsa nthambi yoteteza chilengedwe. Mu 1972 linaletsa DDT pa ulimi. Mu 1980 Pulezidenti Jimmy Carter anapereka kwa malemuwa mendulo yapamwamba imene dzikolo limapatsa anthu wamba.

Akatswiri anapitiriza kufufuza. Anapeza kuti DDT amachititsa mbalame zina kuikira mazira a chigoba chopyapyala, amene amasweka make akamafungatira. Ku America kuli chiwombankhanga cha mutu woyera, chachibale ndi nkhwazi yathu. Mu 1963, m'zigawo 48 za dzikolo munatsala mabanja 417 okha odziwika. DDT ataletsedwa zinayambanso kuchuluka, ndipo mu 2007 zinachotsedwa pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutha. Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo. Ku Zimbabwe DDT ankawagwiritsa ntchito polimbana ndi kashembe, ndipo m'zaka za m'ma 1980 akatswiri anapeza mazira a nkhwazi za pa nyanja ya Kariba ali ndi chigoba chopyapyala. Ku South Africa, m'madera amene nyumba zimapoperedwa, DDT anapezeka mumkaka wa m'mawere. Anapezekanso m'matupi a mbalame za ku Antarctica, kumene kulibe munda ngakhale umodzi.

Poizoni wotere salemekeza malire a mayiko. N'chifukwa chake mu Meyi 2001 mayiko anasaina pangano mumzinda wa Stockholm ku Sweden, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2004. Moçambique ili m'panganoli. Linayamba ndi mankhwala 12. Ena ndi ophera tizilombo, monga DDT, dieldrin ndi aldrin. Ena ndi a m'mafakitale, monga PCB amene ankaikidwa m'mafuta a mathiransifoma a magetsi. Enanso palibe amene amawapanga dala: amabadwa mu utsi tikamatentha mapulasitiki ndi zinyalala. Mndandandawu ukukulirakulira. Mu 2011 anawonjezerapo endosulfan, amene ankapoperedwa kwambiri m'minda ya thonje m'mayiko ambiri a mu Africa.

Nanga malungo?

Pali anthu amene amati Mayi Carson ndiwo anachititsa kuti malungo apitirire kupha ana mu Africa. Mlandu umenewu ndi waukulu, ndipo inu amene mwaikapo mwana chifukwa cha malungo muyenera kumva mbali zonse.

Lamulo la 1972 linali la dziko la America, ndipo linkanena za ulimi. Ntchito ija yofuna kuthetseratu malungo pa dziko lonse inasiyidwa mu 1969, pa zifukwa zingapo, kuphatikizapo kuchepa kwa ndalama ndi udzudzu umene unasiya kufa ndi mankhwala. Mayi Carson anachenjeza za udzudzu wotere m'buku lawo lomwe lija. Kuwaza DDT m'minda kunkathandiza udzudzu kuzolowera mankhwala amene a zaumoyo ankawadalira.

N'zoonanso kuti nthawi zina DDT amafunika. South Africa inasiya kupopera DDT m'nyumba mu 1996. Odwala malungo anachuluka, ndipo mu 2000 dzikolo linayambiranso. Kuno ku Moçambique, kumene DDT anayamba kupoperedwa kummwera m'zaka za m'ma 1940, Unduna wa Zaumoyo unawabwezeretsa mu 2005 pa ntchito yopopera makoma. Pangano la ku Stockholm limalola zimenezi. Limalola DDT pa khoma la m'kati mwa nyumba, wopoperedwa ndi anthu ophunzitsidwa, pofuna kupha udzudzu. Sililola DDT m'munda, m'dimba, m'nkhokwe kapena mumtsinje. Masiku ano palinso mankhwala ena a pakhoma, ndiponso maneti onyikidwa m'mankhwala.

Choncho gulu la zaumoyo likafika pamudzi panu kudzapopera, musalithamangitse. Funsani dzina la mankhwalawo. Tulutsani chakudya, madzi ndi ziwiya. Dikirani panja nthawi yonse imene akuuzani. Mukalowa, sesani tizilombo takufa n'kukataya m'chimbudzi kuti nkhuku zisadye. Munthu akakugulitsani mankhwala a zaumoyo kuti muthire m'munda, kanani.

Botolo limene lili m'nyumba mwanu

Mankhwala ambiri amene alimi a thonje ndi fodya amalandira masiku ano sakhalitsa m'nthaka ngati DDT. Komabe ena mwa iwo amavulaza msanga akalowa pakhungu, m'maso kapena m'kamwa. Mu 2014 boma lathu linachotsa pa mndandanda wa zololedwa mankhwala angapo oopsa kwambiri. Linagwiranso ntchito ndi bungwe la FAO kusonkhanitsa mankhwala akale amene anatsalira m'nyumba zosungiramo katundu, ndipo ambiri anatumizidwa ku Ulaya kukawonongedwa, chifukwa kuwakwirira pansi n'kuwapereka kumadzi a pachitsime.

Apa ndi pamene kuwerenga kwanu kukugwira ntchito. Pa botolo lililonse lovomerezeka pamakhala pepala. Yang'anani mzere wa mtundu m'munsi mwake: wofiira ukutanthauza kuti mankhwalawo ndi oopsa kwambiri. Phunzirani mawu a Chipwitikizi awa: veneno ndi poizoni, perigo ndi ngozi. Mawu akuti intervalo de segurança akunena masiku amene muyenera kudikira kuchokera tsiku lopopera kufika tsiku lokolola. Muyezo wolembedwapo musauwonjezere. Kuwonjezera sikupha mbozi zambiri, kumangowononga ndalama ndi thupi lanu.

Mankhwala opimidwa pamsika m'kabotolo ka chakumwa, opanda pepala, musagule. Simudziwa chimene chili m'katimo, ndipo mwana akamwa, a kuchipatala sadziwa chomuthandizira. Mankhwala a thonje asapite pa tomato, pa kabichi, pa nsomba zouma kapena m'chimanga cha m'nkhokwe. Mayi woyembekezera, mayi woyamwitsa ndi mwana asapopere ndipo asachape zovala za wopopera. Chigubu chikatha, chitsukuluzeni katatu, madziwo muwathire m'pampu yopoperayo, kenako chiboolani pansi kuti wina asadzatungire madzi kapena kusungiramo mchere. Musachitenthe. Funsani mlangizi wa zaulimi kapena kampani imene inakupatsani kuti zigubu zotere zikubwezedwa kuti.

Pampu musaitsukire kumtsinje, ndipo musaphe nsomba ndi mankhwala. Mtsinje wa Lugenda umachokera ku nyanja ya Amaramba n'kuyenda ulendo wautali mpaka kukathira mu Rovuma. Chimene chalowa m'madzi kumtunda kuno chimakafika kwa anthu amene simudzawaona, ndipo nsomba za m'madzi omwewo ndi zimene zimabwera pamsika wa ku Mandimba ndi ku Massangulo.

Mayi Carson analibe udindo m'boma pamene ankalemba buku lija. Zida zawo zinali kuwerenga mosamala, kufunsa odziwa, ndi kulemba momveka. Ntchito yonse inayamba ndi kalata ya mayi mmodzi amene anaona mbalame zakufa pakhomo pake n'kutenga cholembera. Inunso mukaona nsomba zitayandama pambuyo popopera, njuchi zitafa pamng'oma, kapena anthu akudwala mutu ndi kusanza akachoka kumunda, lembani tsiku, malo ndi dzina la mankhwalawo. Pepalalo mupite nalo kwa amfumu, kuchipatala ndi ku ofesi ya zaulimi ya distrito. Mawu apakamwa amaiwalika msonkhano ukatha, koma pepala lokhala ndi tsiku ndi dzina limafuna yankho.

Zokambirana pagulu lanu

1. Tchulani mfundo zitatu zimene Mayi Carson anapeza zokhudza DDT.

2. N'chifukwa chiyani mbalame za ku Clear Lake zinafa, chikhalirecho m'madzi munathiridwa mankhwala ochepa?

3. Pangano la ku Stockholm limalola DDT pa ntchito iti, ndipo limawaletsa pa ntchito iti?

4. Pemphani mlangizi wa zaulimi abwere m'kalasi ndi pepala la pa botolo la mankhwala. Pezani dzina la mankhwalawo, mtundu wa mzere, muyezo, ndi masiku odikira musanakolole. Lembani zinayi zimenezi m'kope lanu.